Ubongo ndi Miyendo: Mwana Wochedwa Kuyenda pa Komboni

Mwana akakwanitsa chaka ndi theka asanayambe kuyenda, maso a anthu pa komboni amathamangira ku miyendo. Agogo amaigwiragwira, kuipinda ndi kuiwongola. Ena amati mawondo ndi ofewa, ena amati mitsempha inafupika. Mayi akamuimika, miyendo imauma gwa, zala zimaloza pansi, zidendene sizifika padothi, ndipo nthawi zina mwendo wina umapingasa unzake. Komatu ana ambiri otere anabadwa ndi miyendo yabwinobwino, mafupa athunthu, minofu yokwana. Chimene chinavulala ndi ubongo, mwanayo akadali m'mimba, pobadwa, kapena m'zaka ziwiri zoyamba za moyo wake. Madokotala amati cerebral palsy, ndipo m'zipatala amangofupikitsa kuti CP. Padziko lonse, mwa ana 1,000 alionse, awiri kapena atatu amakhala ndi vutoli. Kafukufuku amene anachitika m'midzi ya ku Iganga ndi Mayuge ku Uganda, wofalitsidwa mu 2017, anapezanso pafupifupi atatu, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse mwa iwo anabadwa bwino n'kudzavulala ubongo pambuyo pake chifukwa cha matenda monga malungo.

Nkhaniyi tiiyang'ana titaima m'mafamu a ku Mashonaland ku Zimbabwe, komwe Chichewa chimamveka m'makomboni kuyambira ku Karoi, Banket ndi Trelawney, kudzera ku Mvurwi, Concession ndi Shamva, mpaka ku Marondera ndi Macheke. Makolo a anthu olankhula Chichewawa anachoka ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito limene linakhazikitsidwa mu 1946. Pofika chaka cha 2000, mafamu akuluakulu a dzikolo anali ndi antchito oposa 300,000, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali ndi makolo ochokera kunja. Ubongo wa mwana wa pa komboni umagwira ntchito mofanana ndi wa mwana wa ku London. Kusiyana kumadza pa zimene zimachitikira miyendo yake ubongowo ukavulala.

Ulendo wa uthenga kuchoka kumutu kukafika kuphazi

Mu 1937, dokotala wa opaleshoni ya ubongo wa ku Montreal, Wilder Penfield, pamodzi ndi mnzake Edwin Boldrey, anafalitsa mapu a mbali ya ubongo imene imalamula ziwalo. Penfield ankachita opaleshoni anthu odwala khunyu ali maso, ndipo akakhudza malo ena ndi mphamvu yochepa ya magetsi, chala chinkagwedezeka. Akasuntha pang'ono, milomo. Malo a mwendo ndi phazi ali pamwamba penipeni, chakumbuyo kwa liwombo, m'kati mwa mpata umene umagawa ubongo pawiri.

Kuchokera pamenepo, timitsempha tatitali timatsikira m'kati mwa ubongo. Tikafika cha kunkhongo, tambiri timadutsana, ta kumanja kupita kumanzere, ta kumanzere kupita kumanja, n'kutsetsereka ndi mtsempha waukulu wa mumsana mpaka pamene pamachokera mitsempha ya miyendo. N'chifukwa chake mwana wovulala ubongo wa kumanzere amakoka mwendo wa kumanja ndipo dzanja lamanja amalifumbata.

Pa ulendowu pali malo amodzi oopsa. M'kati mwa ubongo muli timapanga tiwiri todzaza madzi, ndipo timitsempha ta miyendo ndi timene timadutsa moyandikira kwambiri timapangato, pamene ta manja ndi nkhope timadutsa chapatali. Pakati pa masabata 24 ndi 32 a mimba, malo amenewa amakhala asanakhwime, ndipo magazi safikako mokwanira. Mwana akabadwa masiku asanakwane, kupuma kukamuvuta kapena matenda akamulowa, ndi pamenepa pamene pamayamba kuwonongeka. Ndiye mudzaona mwana wolankhula bwino, wodya yekha, wogwira pensulo, koma miyendo yonse iwiri ili yolimba. Dokotala wa ku England, William John Little, amene iyenso anali ndi phazi lopindika, anafotokoza za ana otere pamaso pa madokotala anzake ku London mu 1861, ndipo anaona kale kuti ambiri anabadwa msanga kapena movutikira.

Chifukwa chiyani miyendo imauma m'malo mofooka lobodo? Yankho lili mumsana. M'nofu uliwonse muli timitsempha tomva kukokeka. Nofu ukakokedwa mwadzidzidzi, uthenga umapita mumsana, ndipo msana umayankha wokha, osafunsa ubongo, kuti nofuwo ukungike. Ndi zimene zimachitika dokotala akagogoda pansi pa bondo, mwendo n'kudumpha. Ntchito ina yaikulu ya ubongo ndi kuletsa msana kuti usamayankhe mopitirira muyeso. Zili ngati woyendetsa ngolo: ng'ombe zili ndi mphamvu ndipo kukoka zimadziwa, koma iye ndi amene amazibweza, kuzikhotetsa ndi kuziimitsa, ndipo chingwe chikamupulumuka sizigona pansi, zimangokoka mosalamulirika. Mwa ana pafupifupi 8 pa 10 alionse a CP, vuto ndi limeneli. Mukapinda phazi la mwanayo mofulumira, limakana. Mukalipinda pang'onopang'ono, limalola. Mwana akakondwa, akaopa kapena akamva kuwawa, kuumako kumawonjezeka, ndipo akagona tulo kumachepa.

Msana umadziwanso kuponda. Khanda la masiku ochepa mukaligwira m'khwapa, mapazi ake n'kukhudza mphasa, limasinthanitsa miyendo ngati likuyenda. Akatswiri a ku Rome, Nadia Dominici, Yuri Ivanenko ndi Francesco Lacquaniti, anayeza mphamvu ya magetsi m'minofu ya makanda ndi ana, ndipo mu 2011 anafalitsa zimene anapeza: khanda lili ndi malamulo awiri okha, lina lopinda mwendo, lina louwongola. Mwana akamayamba kuyenda yekha amawonjezera awiri ena, othandiza potera ndi ponyamula phazi. Owonjezerawo ndi amene amadza pamene ubongo ukukhwima n'kumaphunzitsa msana. Mwa ana a CP kuphunzitsanako sikufika pamapeto. Minofu imene iyenera kulandirana imakoka nthawi imodzi, ya kutsogolo kwa ntchafu kulimbana ndi ya kumbuyo. Mukamuuza mwana kuti akweze phazi lokha, bondo ndi chiuno zimapindikira limodzi. Katumba akakoka nthawi isanakwane, mwana amanyang'ama. Minofu ya m'kati mwa ntchafu ikapambana, mawondo amagundana.

Masiku ano pali zipewa zokhala ndi timagetsi towala timene timayeza mmene magazi akuyendera pa ubongo mwana akuyenda. Max Kurz ndi anzake ku Omaha, ku America, anayesa ana ochepa motere, ndipo mu 2014 anasonyeza kuti ubongo wa mwana wa CP umagwira ntchito yochuluka kuposa wa mnzake pa kuyenda komweko. Kafukufuku wina waonetsanso kuti uthenga wobwerera, wochoka kuphazi kukauza ubongo pamene phazilo laponda, umafika wofooka. Thupi nalo limawononga mphamvu zochuluka, mwa ana ena kuwirikiza kawiri kapena katatu. Ndikufuna makolo ndi aphunzitsi amve bwino mfundo imeneyi. Mwana amene wakhala pansi pakati pa njira ya kusukulu, thukuta lili kamukamu, sakuchita ulesi kapena matama. Mtunda umene anzake ayenda akucheza, iye wauyenda akuwerengera phazi lililonse.

Si ana onse amene amauma. Chikasu chikakula kwambiri m'sabata yoyamba, chimawononga timagulu ta m'kati mwenimweni mwa ubongo timene timasankha kuti ndi chiwalo chiti chiyende, chiti chikhale bata. Mwana wotere amapotokola manja, miyendo ndi nkhope mosafuna, ndipo kawirikawiri samva bwino, ngakhale nzeru zake zingakhale zakuthwa. Ena ochepa amavulala ubongo waung'ono wa kunkhongo, ndipo amayenda modzandira, atatangadza miyendo.

Kumene kuvulalaku kumayambira pa famu

Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, boma linamanga zipatala zing'onozing'ono zambiri m'madera a kumidzi, koma mafamu anali malo a eni ake, olamulidwa ndi makhonsolo awoawo mpaka pamene makhonsolo anaphatikizidwa mu 1993. Umoyo wa antchito unatsalira m'manja mwa mwini famu. Kafukufuku wa Rene Loewenson m'zaka za m'ma 1980 anasonyeza kuti ana a antchito a m'mafamu anali m'gulu la ana onyentchera kwambiri m'dzikomo. M'boma la Bindura munayambika ntchito yophunzitsa mayi mmodzi pa famu kuti akhale wazaumoyo, mothandizidwa ndi bungwe la Save the Children la ku Britain, ndipo inafalikira madera ena. Kugawidwa kwa minda kumene kunayamba mu 2000 kunasintha zonsezi. Antchito ambiri ntchito inawathera, amene analandira malo anali ochepa kwambiri, ndipo ambiri anatsala m'makomboni omwewo akudalira maganyu kwa alimi atsopano. Azaumoyo a pa famu ndi timasukulu ta mkaka, zimene zinkadalira mwini famu, zinatha m'malo ambiri.

Tsono taganizirani mayi amene matenda amuyamba usiku, chipatala chili kutali, thirakitala ya pa famu palibe. Mwana akachedwa panjira n'kubadwa wobanika, mphindi yoyamba ndi imene imalamula: womuthandiza wodziwa kumupukuta, kumutsegula njira ya mpweya ndi kumupopera mpweya akhoza kupulumutsa ubongo wake. Mayi amene akubereka masabata 32 asanakwane akabayidwa mankhwala a magnesium sulphate, mwana amatetezekako ku CP, ndipo bungwe la WHO linalimbikitsa zimenezi mu 2015. Chikasu chimachizika ndi kuwala kwa magetsi apadera a kuchipatala, bola chionedwe msanga. Pa khungu lakuda muyang'ane m'maso ndi m'nkhama. Malungo okwera ku ubongo, amene amavuta m'madera otentha a ku Centenary, Mount Darwin ndi Hurungwe, ndi matenda oumitsa khosi, amavulaza mwana amene anali atayamba kale kukwawa. Ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth, Gretchen Birbeck ndi anzake anatsatira ana amene anachira malungo otere, ndipo mu 2010 anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu anatsala ndi vuto la ubongo, monga khunyu, kusintha khalidwe kapena ulumali.

Zonsezi ndi nkhani za mtunda, thiransipoti ndi nthawi. Koma pa komboni mlandu umagwera mayi. Amati anasempha mwambo, mwana n'kugwidwa ndi tsempho. Amati anayenda njira zachibwana ali ndi pakati. Banja likagula wailesi kapena njinga, manong'onong'o amati anakhwimira mwanayo. Kunena mosabisa, mawu amenewa amapweteka mwana kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa mayi wonyozedwa amabisa mwana m'nyumba, ndipo abambo ena amapezerapo chifukwa chothawira banja. Miyezi imene ikanathera pophunzitsa ubongo imathera poyendayenda kufunafuna amene analodza.

Bala silikula, koma mwana amakula

Malo amene anavulala mu ubongo sawonjezeka. Nanga bwanji mwana amene ankanyang'ama pang'ono ali ndi zaka zitatu, pofika zaka khumi chidendene chimakhala chitakaniratu kutsika? Fupa limakula lokha, koma nofu umatalika pokhapokha ukamatambasuka tsiku ndi tsiku poyenda, pothamanga ndi ponjuta. Nofu wouma umatsalira, fupa n'kuupitirira, ndipo mfundo imakhazikika yopindika. Choopsa kwambiri ndi chiuno. Mwana amene saimirira, mphako ya chiuno chake siumbika mozama, ndipo minofu ya m'kati mwa ntchafu imakoka mutu wa fupa pang'onopang'ono mpaka kuguluka. Zimawawa, ndipo kumukhazika ndi kumusambitsa kumavuta. Kum'mwera kwa dziko la Sweden anayamba mu 1994 kujambula chiuno cha mwana aliyense wa CP nthawi ndi nthawi, ndipo kuguluka kunatsika kuchoka pa ana 8 mwa 100 kufika pochepera mmodzi.

Apa ndi pamene moyo wa pa famu umalowerera. Nyengo yothyola ndi kusankha fodya, mayi amalawirira mbandakucha kukagwira mgwazo, ndipo akapanda kuumaliza tsikulo silimuwerengedwa. Mwana wamng'ono amapita naye kumsana, ndipo mbereko ili ndi ubwino wake, poti miyendo imakhala yotangadza ndi yopinda, mmene chiuno chimafunira. Koma akalemera amasiyidwa pamphasa, chagada, tsiku lathunthu, akuyang'ana denga. Kugona kotereku kumawonjezera kuuma, ndipo ubongo sulandira chilichonse choti uphunzirepo.

Ubongo wa mwana umasintha molingana ndi zimene ukuchita. Timitsempha timene tikugwiritsidwa ntchito timalimba, timene tangokhala timafota, ndipo zimenezi zimachitika mwamphamvu m'zaka zoyambirira. Iona Novak wa ku Sydney ndi anzake anasanthula kafukufuku wambirimbiri mu 2013 ndi mu 2020, ndipo zimene zinaoneka kuti zimathandizadi ndi zimene mwana amachita yekha, mobwerezabwereza, pofuna chinthu chenicheni, kunyumba kwawo. Kumuwongola miyendo iye atangogona, pakokha, phindu lake ndi lochepa. Kale ankaopa kuti kulimbitsa minofu kuwonjezera kuuma, koma Diane Damiano anasonyeza mu 1995 kuti pansi pa kuumako pali kufooka, ndipo minofu ikalimbitsidwa mwana amayenda bwinoko. Choncho mafizo enieni ndi monga awa: kuika kapu ya maheu pa benchi kuti mwana adzikoke n'kuimirira, kumulola kukankha mpando pabwalo, kumukhazika pa chitini mapazi ali fwaa pansi kuti anyamuke ndi kukhalanso kambirimbiri akusewera ndi abale ake, kumuyendetsa wopanda nsapato pamchenga ndi paudzu kuti phazi limve. Mlongo wake wa zaka zisanu ndi zitatu akhoza kukhala mphunzitsi wabwino kuposa wina aliyense, akangosonyezedwa kachitidwe kake.

Mankhwala ofewetsa minofu alipo, monga baclofen ndi diazepam, komanso jakisoni wa botulinum amene amagwira miyezi itatu kapena inayi. Pali pulasitala ndi nsapato zapulasitiki zogwira akakolo, opaleshoni yotalikitsa mitsempha, ndi ina yodula timitsempha tina ta mumsana, imene Warwick Peacock anaikonzanso ku Cape Town m'zaka za m'ma 1980. Zonsezi zimangochepetsa chopinga. Palibe chimene chimaphunzitsa ubongo kuyenda m'malo mwa mwana mwiniwake.

Zimene Zimbabwe ili nazo kale

Dzikoli silikuyambira pachabe. Jairos Jiri anayambitsa bungwe lake losamalira anthu aulumali ku Bulawayo mu 1950. Ufulu utangobwera, boma linayamba kuphunzitsa gulu lapadera la othandiza mafizo, amene amaphunzira pang'ono za ntchito zonse zobwezeretsa mphamvu m'thupi kuti akagwire m'zipatala za m'maboma, ndipo sukulu yawo ili ku Marondera, m'chigawo cha mafamu momwemo. Ku Ruwa kuli chipatala chachikulu cha mafizo, ku Harare kuli St Giles komanso chipinda cha mafizo a ana pa chipatala cha Sally Mugabe, chimene kale chinkatchedwa Harare Central. Makolo nawo ali ndi bungwe lawo, Zimbabwe Parents of Handicapped Children Association. Mu 2021 ku Bulawayo kunatsegulidwa chipatala cha CURE chochita opaleshoni ya mafupa a ana, m'bale wa Beit CURE ya ku Blantyre.

Chinthu chimene ine chimandigwira mtima chinabadwiranso ku Zimbabwe komweko. Mphunzitsi wina, Bevill Packer, anapeza njira yopangira mipando ndi matebulo olimba pogwiritsa ntchito makatoni, mapepala akale ndi phala la ufa monga zomatira. Akatswiri a mafizo anaitengera njirayi kwa ana a CP, ndipo lero ikuphunzitsidwa m'mayiko ambiri a mu Africa. Mpando wa makatoni umaumbidwa molingana ndi thupi la mwanayo: chiuno chopinda, kachipika pakati pa mawondo kuti asapingase, popondera mapazi, ndi kathebulo kutsogolo. Choimiramo chake chimamugwira mawondo ndi chiuno kuti mafupa asenze thupi. Mpando wotere ukhoza kuikidwa pakhomo pa shedi yosankhira fodya, mwana n'kumaona mayi ake, kudya atakhala tsonga osatsamwa, ndi kucheza ndi odutsa.

Vuto ndi kufikira. Kuti mayi wa ku Raffingora akafike ku Chinhoyi ndi mwana wa zaka zisanu kumsana, ataya malipiro a tsikulo, alipira kombi kupita ndi kubwera, ndipo mwina apatsidwa theka la ola. Adzapita kawiri, katatu, kenaka adzaleka, ndipo m'kaundula adzalembedwa kuti anathawa chithandizo. Jermaine Dambi wa ku University of Zimbabwe ndi Jennifer Jelsma anafanizira mu 2014, m'tauni, ana olandira mafizo kuchipatala ndi ana amene akatswiri ankawatsatira kudera kwawo komwe makolo ankakumana m'magulu. Ana a gulu lachiwirili ndi amene anapita patsogolo kwambiri. Ngati zinatero m'tauni, kuli bwanji pa famu? Maganizo anga ndi akuti katswiri mmodzi wokhala ndi njinga yamoto ndi mafuta, wofika pa komboni mwezi ndi mwezi, wolankhula Chichewa kapena Chishona chimene agogo akumva, angachite zambiri kuposa makina odula otsekeredwa ku Harare. Palinso nkhani ya zikalata. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anavomereza Chichewa kukhala chimodzi mwa zilankhulo 16 za boma, ndipo anapereka unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera m'mayiko a SADC, koma mabanja ambiri a m'makomboni akadalibe ziphaso zobadwira, ndipo mwana wopanda chiphaso amavutika kulembetsedwa pa thandizo la boma.

Funso limene kholo lililonse limafunsa ndi lakuti, "Kodi adzayenda?" Akatswiri a ku McMaster University ku Canada anakonza mu 1997 muyeso wa magawo asanu: gawo loyamba ndi mwana woyenda paliponse, lachitatu woyenda ndi ndodo kapena chogwirira, lachisanu wosatha kudzutsa mutu payekha. Mwana kawirikawiri amakhalabe m'gawo lake pamene akukula, ndipo amene wakhala pansi payekha asanakwanitse zaka ziwiri amadzayenda nthawi zambiri. M'mayiko amene amasunga kaundula, awiri mwa atatu amayenda. Wotsalayo safunika kumukakamiza mpaka misozi. Afunika mpando wabwino, njinga yoyenda pamchenga, mankhwala a khunyu ngati amagwa, ndi malo m'kalasi, pakuti pafupifupi theka la ana a CP nzeru zawo zili bwinobwino ngakhale lilime litalemera.

Zizindikiro zimaoneka kale mwana asanafike msinkhu woyenda: khosi losalimba pa miyezi inayi, dzanja limodzi lofumbata nthawi zonse, kuuma kapena kupinda msana chambuyo pomusambitsa, kuvutika kuyamwa, kusakhala pansi pa miyezi isanu ndi inayi. Mayi amene mwana wake anabadwa msanga, anachedwa kulira, anachita chikasu kapena anakomoka ndi malungo anene zimenezi kusikelo, ndipo apemphe kalata yopita ku chipinda cha mafizo pa chipatala cha boma lake, ngakhale anthu akumuuza kuti adikire kaye.